Mafunso ndi Mayankho: Kompyuta Ikaleka Kutulutsa Mawu

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Katoto. Ndikalumikiza laputopu yanga ku pulojekita kuti ophunzira aonere kanema wa phunziro, chithunzi chimaoneka bwino koma mawu samveka, ndipo tsopano ngakhale kunyumba laputopuyo ili zii. Wokonza wina mtauni muno wandiuza kuti afomate kompyuta yonse. Kodi ndivomere?

Yankho: Aphunzitsi, musavomere msanga. Kufomata kumafufuta mapulogalamu anu ndipo kumaika pachiswe mayeso ndi manotsi amene mwasunga kwa zaka, pamene vuto limene mwafotokozali nthawi zambiri limatha popanda kulipira ngakhale tambala. Ndikuganiza kuti mawu anu sanathe ayi, koma akutumizidwa kumene simukuwamva.

Chingwe cha HDMI, chimene ambiri amalumikizira laputopu ku pulojekita, chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, kusiyana ndi chakale cha VGA, chamutu wabuluu chija, chimene chimanyamula chithunzi chokha. Mukangolowetsa HDMI, Windows imaganiza kuti mukufuna mawu atulukire ku pulojekita, ndiye imawachotsa ku masipika a laputopu. Mapulojekita ambiri ali ndi kasipika kofooka, ena alibe nkomwe, choncho kalasi yonse imangoona milomo ikugwedera pakhoma. Mukazula chingwecho mawu amayenera kubwerera okha, koma nthawi zina sabwerera.

Chitani izi. Dinani batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi R, lembani mmsys.cpl m'kabokosi kamene katuluke, kenako dinani Enter. Pansi pa mutu wakuti Playback mudzaona mndandanda wa zipangizo zonse zimene kompyuta ingatumizeko mawu. Tsegulani nyimbo iliyonse ndipo muyang'anitsitse kumanja kwa mndandandawo: pali timizere timene timasanduka tobiriwira, tikukwera ndi kutsika, pafupi ndi chipangizo chimene chikulandira mawu pa nthawiyo. Ngati tikuvina pa dzina la pulojekita, la wailesi yakanema kapena la sipika ya Bluetooth imene mwana wanu analumikizapo tsiku lina, mwalipeza vuto. Dinani batani lakumanja la mausi pa mawu akuti Speakers, musankhe Set as Default Device. Ngati Speakers sakuoneka, dinani batani lomwelo pamalo opanda kanthu ndi kusankha Show Disabled Devices, chifukwa mwina munthu anawatseka mwangozi. Njira imeneyi imagwira pa Windows 7, 10 ndi 11 mofanana.

Zikapanda kutheka, onani ngati simunadine batani lotseka mawu pa mzere wa F1 mpaka F12, ndiponso tsegulani Volume mixer, pakuti pulogalamu iliyonse ili ndi muyeso wakewake, moti Chrome ikhoza kukhala yotsekedwa pamene zina zonse zikulira. Kenako lowetsani mahedifoni amene mukudziwa kuti ndi abwino. Akamveka koma masipika osamveka, nkhani ili pa masipikawo kapena pa kabowo ka mahedifoni. Kabowoka kali ndi kachitsulo kamene kamauza kompyuta kuti mahedifoni alowa, ndipo fumbi la choko likasakanikirana ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, makamaka m'miyezi ya mvula ndi chifunga, kachitsuloko kakhoza kumatirira, kompyuta nkumaganiza kuti mahedifoni adakalimo. Zimitsani laputopu, muunikemo ndi tochi ya foni, mupuziremo mpweya wouma. Musalowetsemo singano kapena waya.

Ngati mahedifoni nawonso ali chete, ganizirani za driver, pulogalamu yaing'ono imene imalankhulitsa Windows ndi kachipangizo ka mawu, kamene pa makompyuta ambiri ndi ka kampani ya Realtek. Tsegulani Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse za kompyuta, mupite pa Sound, video and game controllers. Kachizindikiro kachikasu ka ngodya zitatu kakusonyeza kuti driver yasokonekera kapena palibe. Sankhani Uninstall device, muzimitse kompyuta ndi kuiyatsanso, ndipo Windows idzayesa kuikamo yokha. Ngati mawu anasowa Windows itangodzikonza kudzera pa intaneti, batani la Roll Back Driver limabwezeretsa yakale. Mukafuna yatsopano, itengeni patsamba la amene anapanga laputopuyo, kaya HP, Dell kapena Lenovo, pogwiritsa ntchito nambala ya mtundu wake yolembedwa kunsi. Mapulogalamu aulere olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi sindiwakhulupirira, chifukwa ena amabwera ndi zinyalala zina. Konzekerani bandulo yokwanira, popeza mafayilo ena amapitirira mamegabaiti 100. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020 ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho pa makina akale kupeza driver yoyenera kudzanka kuvutiravutira.

Zonsezi zikakanika, m'pamene mungapite kwa wokonza, ndipo mumuuze zimene mwayesa kale. Ngakhale kachipangizo ka m'kati katapsa, pali kena kotchipa kolowetsa pa USB, kokhala ndi timabowo take ta mahedifoni ndi maikolofoni, kamene kamagwira ntchito yomweyo.

Funso: Ndimayang'anira zokuzira mawu pa mpingo wathu ku Chibavi. Tikalumikiza laputopu ku ampulifaya kuti kwaya iyimbe motsatira zing'wenyeng'wenye, pamamveka kulira kosalekeza ngati kwa njuchi. Tagula chingwe china koma sizinasinthe.

Yankho: Bambo, kuyesa kwake nkosavuta: pamene kulirako kukumveka, zulani tchaja kuti laputopu iyendere batire. Kukaleka nthawi yomweyo, laputopu ndi ampulifaya zilibe mlandu. Chimene chikuchitika nchakuti zipangizo ziwirizi zikulumikizana ndi nthaka kudzera m'njira ziwiri zosiyana, ndiye kamphamvu kochepa ka magetsi kamayenda m'chingwe cha mawu, ndipo popeza magetsi athu ku Malawi amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, khutu limamva kung'ung'udza kotsika kuja. Yambani ndi kulumikiza zonse ziwiri pa ekisitenshoni imodzi, ndipo chingwe cha mawu chisagone pamodzi ndi zingwe za magetsi. Kukapitirira, funsani kwa ogulitsa zida za oyimba kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kapena DI box, kamene kamaikidwa pakati pa laputopu ndi mikisa, makina osakanizira mawu asanapite ku ampulifaya.

Chimodzi ndikukupemphani ndi mtima wonse. Pali ena amene amadula waya wa dzino lalitali la pulagi, dzino la nthaka lija, chifukwa akatero phokoso limathadi. Musalole zimenezo pa mpingo wanu. Dzino limenelo ndilo limateteza munthu wogwira maikolofoni ngati waya wa moto wakhudza chitsulo cha ampulifaya, ndipo amene amagwira maikolofoni nthawi zambiri ndi ana a kwaya. Ngati vuto lanu ndi mawu osasa osati kung'ung'udza, onani ngati simunalowetse laputopu pa bowo la maikolofoni m'malo mwa bowo lolembedwa Line.

Funso: Ndine wophunzira, ndimakhala ku Luwinga. Pa kompyuta ya patebulo ndimamva aphunzitsi pa Zoom koma iwo sandimva, pamene timahedifoni tomweto pa foni timagwira bwino.

Yankho: Mwanawe, yang'ana nsonga ya timahedifonito. Ngati ili ndi timizere titatu, ndi ya foni, yonyamula mawu ndi maikolofoni pa nsonga imodzi, pamene kompyuta ya patebulo imazilekanitsa: bowo lobiriwira ndi la kumvera, lapinki ndi la maikolofoni. Ukufunika kachingwe kogawa nsonga imodzi kukhala ziwiri, kamene kamapezeka m'mashopu a zipangizo za mafoni. Ukakalumikiza, ulowe mu Settings, pa Privacy, utsegule Microphone kuti mapulogalamu aloledwe kuigwiritsa ntchito, kenako mu Zoom momwemo usankhe maikolofoni yoyenera ndi kudziyesa pa Test Mic phunziro lisanayambe.