Achimwene a ku Joni akufunsa: ndisamukire ku Singapore ndi banja lonse?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya zamakompyuta ku Johannesburg. Ali ndi zaka 35, mkazi ndi ana awiri, ndipo wachisamba ali ku pulayimale. Akuti kampani ina ya ku Singapore yawalonjeza madola 9,000 a kumeneko pamwezi. Ku Joni atopa ndi kugona khutu lili kunja poopa mbava, koma amva zoti ku Singapore munthu amakwapulidwa chifukwa cha chingamu. Funso lawo ndi lakuti, kodi mlendo, makamaka munthu wakuda, angakhale mwamtendere m'dziko la malamulo okhwima chonchi?

Achimwene, zimene mukuopazo si zimene zidzakusowetseni tulo. Tiyambe tazichotsa panjira, kenaka tikambe zimene simunafunse.

Nkhani ya chingamu anthu amaikokomeza. Lamulo la 1992 linaletsa kugulitsa ndi kuitanitsa chingamu, ndipo kuyambira 2004 china chamankhwala chimapezeka m'mafamase. Palibe amene anakwapulidwapo chifukwa chotafuna. Chomwe chilipo ndi faini pa tizinthu tambirimbiri: kudya kapena kumwa m'sitima ya MRT kungakudyereni mpaka madola 500, kutaya chinyalala pamsewu koyamba ndi madola 300, ndipo kuyambira 2015 simungamwe mowa pabwalo ikakwana 10:30 usiku mpaka 7 m'mawa. Munthu wolongosoka amazolowera izi mwezi usanathe. Zikoti zilipodi, ndipo dziko lonse lapansi linamva za izo mu 1994 pomwe mnyamata wa ku America, Michael Fay, anagamulidwa zikoti zisanu ndi chimodzi chifukwa chowononga magalimoto a anthu. Pulezidenti Bill Clinton atamupepesera, anangomuchotserako ziwiri. Amakwapula amuna okhaokha osapitirira zaka 50, pa milandu ngati umbava wachiwawa, kugwirira ndi kuwononga katundu. Mlandu umodzi wokha pamenepa ndi umene mlendo wabwinobwino angagweremo: kukhala m'dzikomo masiku opitirira 90 chilolezo chitatha.

Pamene palibe kuseka ndi pa mankhwala ozunguza bongo. Kupezeka ukuzembetsa chamba choposa magalamu 500, kapena heroin woposa magalamu 15, chilango chake ndi kunyongedwa, ndipo amanyongadi. Mu January 2007 ananyonga Iwuchukwu Amara Tochi, mnyamata wa ku Nigeria amene anagwidwa pa bwalo la ndege la Changi, ngakhale pulezidenti wa dziko lake anamupemphera chifundo. Mu 2023 ananyonga Tangaraju Suppiah pa mlandu wa chamba cholemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Ife tili ndi chizolowezi chonyamulirana timaphukusi pa ndege, "mukampatse mlamu wanga ameneyu". Ulendo wa ku Singapore chizolowezi chimenecho chitsale pakhomo. Simunamange nokha, musanyamule.

Tsopano nkhani yeniyeni. Singapore ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 730 kukula kwake konse, koma muli anthu okwana 6 miliyoni. Mwa amenewa nzika ndi pafupifupi 3.6 miliyoni, enanso oposa theka la miliyoni ali ndi chilolezo chokhazikika chomwe amachitcha PR, ndipo otsalawo, omwe akuyandikira 2 miliyoni, ndi alendo okhala pa mapepala a ntchito, a sukulu kapena otsatira abale. Boma limawafuna alendowa, koma linawasanja m'magulu, ndipo moyo wanu wonse kumeneko udzatengera mtundu wa khadi lomwe lili m'thumba mwanu. Lanu lidzakhala Employment Pass, khadi la ntchito la akatswiri. Kuyambira January 2025 malipiro ochepetsetsa oti munthu apatsidwe khadili ndi madola 5,600, koma ameneyo ndi wachinyamata wongochoka kumene ku koleji. Ndalamayo imakwera ndi zaka zakubadwa mpaka kufika 10,700 kwa wazaka 45. Pa msinkhu wanu 9,000 ikukwana, koma siili patali kwenikweni ndi malire, ndipo malirewo boma limawakweza pakapita zaka zochepa. Palinso ndondomeko ya mapointi yotchedwa COMPASS, yomwe inayamba mu 2023, imene imayang'ana maphunziro anu, malipiro anu poyerekeza ndi a eni dziko, komanso ngati kampaniyo sinadzaze anthu a dziko limodzi. Pomalizapa Mmalawi amapindula, chifukwa n'zokayikitsa kuti mudzapeza Amalawi anzanu atadzaza ofesi.

Khadi limeneli ndi la bwana wanu kuposa mmene lilili lanu. Ndiye amalipempha, ndipo ntchito ikatha amalifafaniza. Zikatero mumapatsidwa chilolezo cha mlendo wongocheza chosapitirira miyezi itatu, ndipo makhadi a akazi anu ndi ana amafera limodzi ndi lanu. Kampani imagwiranso malipiro anu omaliza mpaka a msonkho atatsimikiza kuti mulibe ngongole. Ndiye taganizirani: lendi mwasayina ya zaka ziwiri, mwana ali pakati pa temu, ndipo muli ndi masabata owerengeka oti mupeze bwana wina amene angavomere kuyambiranso mapepala. Ku Joni ntchito ikatha munthu amagwira maganyu, amagulitsa kenakake, amakakhala kwa mbale ku Mayfair kapena ku Randburg mpaka zinthu zitayera. Ku Singapore kulibe zoterozo. Wa Employment Pass saloledwa kugwira ntchito ina pambali, ndipo kulibe ngodya yoti munthu wopanda mapepala n'kubisalamo.

Za ndalama, chokoma chilipo. Msonkho ndi wotsika kwambiri. Pa madola 108,000 pachaka simudzapereka oposa 7,000, zomwe munthu wozolowera PAYE ya ku South Africa kapena ya kwathu angaone ngati nthabwala. Koma samadula pa malipiro mwezi ndi mwezi, mumalipira nokha bilu ikabwera, ndiye muzisunga. Chakudyanso n'chotheka ngati mudya kumene eni dziko amadya, m'misika ya zakudya zophikaphika yomwe ili m'dera lililonse, komwe mbale ya mpunga ndi nkhuku imagulidwa madola 4 mpaka 6. Sitima ndi basi n'zotchipa ndipo zimafika paliponse. Galimoto iwalani. Musanagule galimotoyo mumayamba mwagula chilolezo chokhala nayo kwa zaka khumi, chotchedwa COE, ndipo mu 2023 mtengo wa pepala lokhalo unadutsa madola 100,000.

Chimene chimadya malipiro ndi nyumba ndi sukulu. Anthu pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse a m'dzikomo amakhala m'nyumba zosanjikizana zomwe linamanga boma kudzera ku bungwe la HDB, ndipo ambiri nyumbazo ndi zawozawo. Mlendo sangagule, angachite lendi basi, ndipo ya zipinda zogona zitatu imayambira cha m'ma 3,000 pamwezi kupita m'mwamba. Nyumba za makampani zokhala ndi dziwe losambira zimaposa pamenepo kutali, ndipo mlendo akafuna kugula amawonjezera msonkho wa 60 peresenti pa mtengo wake. Sukulu za boma ndi zabwino zedi, koma malo amayamba apatsa nzika, kenaka a PR, inu kumapeto, mwana atakhoza mayeso olowera. Akapeza malo, fizi ya mwana wochokera kunja kwa mayiko a m'chigawo chawo imakhala cha m'ma madola 1,000 pamwezi ku pulayimale, pomwe mwana wa nzika amaphunzira pafupifupi ulere. Akapanda kupeza malo, zatsala ndi sukulu za alendo zomwe zimadya madola masauzande makumi angapo pachaka. Ku chipatala nakonso mlendo alibe chithandizo cha boma, amalipira mtengo wonse. Ndipo mayi a kunyumba, ngakhale adzalowe pa Dependant's Pass, khadi la otsatira abale, poti malipiro anu apitirira 6,000, kuyambira 2021 sangalembedwe ntchito pokhapokha atapeza khadi lawolawo. Werengani nokha: pa 9,000 chotsani lendi, fizi, inshuwalansi ya chipatala, chakudya cha anthu anayi ndi matikiti a ndege obwerera kumudzi. Munthu mmodzi pa ndalama imeneyo amasunga zambiri. Banja la anthu anayi limangokwanitsa, ndipo abale kumudzi akamva "madola 9,000" sadzamvetsa chifukwa chomwe simukutumiza.

Mwina mukuti pakapita zaka mudzatenga PR. Mukhoza kupempha, koma boma silinena chifukwa likakukanani, ndipo limasamala kwambiri kuti chiwerengero cha mitundu chisasinthe: Matchaina pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse, kenaka Amalay, kenaka Amwenye, ena tonsefe tili m'kagulu kakang'ono ka "ena". Alipo anthu amene akhala kumeneko zaka zoposa khumi akungowonjezera khadi. Mwana wobadwira kumeneko kwa makolo achilendo sakhala nzika. Mukapeza PR, mwana wanu wamwamuna adzayenera kulowa usilikali zaka ziwiri akakula, ndipo mukafuna unzika weniweni muyenera kutaya pasipoti ya Malawi, chifukwa salola unzika wa mayiko awiri. Ngakhale thumba la penshoni la CPF, lomwe eni dziko amagulira nyumba ndi kulipirira chipatala, wa Employment Pass salowamo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo Singapore inachita kulemba zimenezo m'malamulo.

Pa za kuyankhula, inu a zaka 35 za Kamuzu munangozimva, koma makolo anu akakuuzani. Andale athu amakonda kunena kuti tinayambira limodzi ndi Singapore, ife 1964 iwo 1965, ngati kuti kusiyana kwake ndi ulesi wathu chabe. Amaiwala kuti pomwe Singapore inkachotsedwa mu Malaysia pa 9 August 1965 inali kale doko lalikulu la sitima zapamadzi, pomwe ife tinali dziko la alimi lopanda nyanja yamchere. Kufanana kunalipo kwina: m'zaka za m'ma 1970 boma la Lee Kuan Yew, nduna yaikulu yawo yoyamba, linkalimbana ndi amuna a tsitsi lalitali, monga momwe zinalili kwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti kwawo mwambowo unabwera ndi nyumba, madzi, ntchito ndi boma lomwe wapolisi wake simungamupatse ya fanta. Chipani cha PAP chalamula kuyambira 1959 osadukiza, ndipo nduna yaikulu ya lero, Lawrence Wong, yemwe analowa mu 2024, ndi wachinayi chabe. Zisankho zimachitika, otsutsa ali ndi mipando ingapo, koma zionetsero zimaloledwa popanda chilolezo pamalo amodzi okha, Hong Lim Park, ndipo mlendo saloledwa kulowerera. Ngakhale munthu mmodzi atanyamula chikwangwani, lamulo limamuwerenga ngati msonkhano. Mu 2012 madalaivala a basi ochokera ku China atanyanyala ntchito podandaula za malipiro, 29 anabwezedwa kwawo ndipo ena anamangidwa. Ngati ndinu munthu wokonda kutukwana boma pa Facebook, tukwanani la kwanu, la eni ake lisiyeni.

Za khungu lakuda, palibe amene adzakuthamangitseni ndi zikwanje monga zimachitikira m'makomboni ena a ku Joni, ndipo malamulo awo amalanga kwambiri wonyoza mtundu kapena chipembedzo cha mnzake. Tsankho lawo ndi lachete. Limaonekera pofuna nyumba, pomwe eni nyumba ena amafunsa mtundu wanu musanaonane n'komwe, ndipo Amwenye ndi amene akhala akudandaula za izi kwa nthawi yaitali. Anthu akuda ndi ochepa, choncho ana anu adzayang'anidwa, ndipo mayi adzavutika kupeza wowaluka tsitsi pa mtengo wabwino. Muzikumbukiranso kuti inu mudzakhala mlendo wapamwamba. Pansi panu pali amuna a ku Bangladesh ndi India amene amamanga nyumba zitalizitalizo n'kumagona m'mahositelo odzaza, momwe matenda a Covid anafalikira koopsa mu 2020, ndi amayi a ku Philippines, Indonesia ndi Myanmar ogwira ntchito zam'nyumba, omwe amayezedwa mimba miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ukhondo ndi bata lomwe mudzasangalale nalo lili pamsana pa anthu amenewa, ndipo ine zimenezi sizindikomera.

Koma ndisakunamizeni, zimene mukuzifunazo zilikodi. Mayi akhoza kuyenda okha pakati pa usiku foni ili m'manja. Ana a pulayimale amakwera basi okha. Anthu amasiya kapaketi ka tishu patebulo kusonyeza kuti pali munthu, ena mpaka foni, n'kupita kukagula chakudya. Madzi a pampopi mumamwa, magetsi sazima, Chingerezi ndiye chiyankhulo cha ntchito ndi sukulu, ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu. Kutentha kokha ndiye konyansa, madigiri 31 kapena 32 ndi chinyezi chaka chonse, kopanda June woti munthu n'kuvala juzi. Ufa wa nsima mudzachita kusakasaka.

Langizo langa ndi ili. Musanasayine, bwererani kwa kampaniyo mukapemphe kuti alembe m'kalata zinthu zitatu: inshuwalansi ya chipatala ya banja lonse, thandizo la fizi, ndi matikiti obwerera ntchito ikatha. Akakana zonse, pitani nokha kaye, muchite lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya HDB, musunge ndalama kwa chaka, ndipo banja libwere pokhapokha mwana atapeza malo pasukulu. Mapepala anu a ku South Africa musawalole kuti afe msanga. Ndipo gwirizanani ndi mayi za chaka chomwe mudzabwerere komanso ndalama yomwe mukufuna mutasunga pofika nthawiyo, chifukwa khadi loyamba limakhala la zaka ziwiri zokha, ndipo amene adzagamule zoliwonjezera si inu.