Ndege yodutsira mapiri: yankho kwa achimwene a ku Germiston

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi PPL (laisensi yoyendetsa ndege pa maulendo anuanu, osati a malonda) ndi maola ouluka pafupifupi 150, mwagwirizana ndi anzanu awiri kusonkherana kuti mugule ndege yakale, muzipita nayo ku Durban ndi banja, kenako kamodzi kapena kawiri pachaka muzikafika kumudzi ku Blantyre. Mtima wagawanika pakati pa Cessna 172 imene munaphunzirira ndi Cirrus imene anyamata ena pagulu pano akukuchemererani. Ine ndikuti zonse ziwirizo zisiyeni kaye, funafunani Cessna 182. Mundipirire, nkhani yake ndi yaitali.

Vuto loyamba mukumana nalo musananyamuke n'komwe. Rand Airport, bwalo la ndege la ku Germiston, ili pa mafiti pafupifupi 5,500 pamwamba pa nyanja. Pamalo okwera chonchi, mabuku a ndege amawerengera kuti kunja kuli madigiri 4 okha. Ndiye masana a mu Disembala kukatentha mpaka 30, digiri iliyonse yopitirira imaonjezera mafiti pafupifupi 120, ndipo ndege imadzimva ngati ili pa mafiti 8,600 matayala akadali pa phula. Ndiyo density altitude ija tinkailoweza pa mayeso n'kuiiwala titangokhoza. Injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse, kotero 172 yanu ya 180 horsepower yatsala ndi 135 kapena kucheperapo. Mapiko ndi propela nazonso zikupalasa mpweya wopepuka womwewo. Ndege imene m'mbali mwa nyanja imakwera mafiti oposa 700 pa mphindi, kuno imakwera theka lake, ngati yakwera.

Zinandichitikira. Tinali atatu mu 172, pa kabwalo kafumbi ka pafamu ina ku Mpumalanga, cha m'ma 1 koloko masana, matanki odzaza chifukwa ndinkaopa kusowa mafuta kutsogolo. Ndege inathamanga, kuthamanga, kenako inanyamuka mwaulesi n'kukana kukwera. Mitengo ya bulugama ya kumapeto kwa bwalo ndinaiona masamba ake limodzilimodzi. Anzanga kumbuyo ankangocheza, osadziwa kanthu. Ine malaya anali chonyowa. Palibe chimene chinaonongeka pa ndegeyo, wolakwa ndinali ine amene sindinatsegule buku n'kuwerengetsa.

182 ili ndi 230 horsepower ndi propela yosintha yokha kapendekedwe. Imayenda ma knot 135 mpaka 140 (makilomita 250 mpaka 260 pa ola), imamwa malita pafupifupi 50 pa ola, matayala ake sapindika ndiye palibe tsiku loti mudzaiwale kuwatsitsa, ndipo inshuwalansi sikuvutitsani kwambiri ngakhale maola anu ndi ochepa. Imatera pa udzu ndi pa fumbi mosadandaula. Chinanso chimene anthu sachiwerengera: makaniko aliyense wa ndege zing'onozing'ono kuyambira ku bwalo la Wonderboom ku Pretoria mpaka ku Lusaka anaigwirapo 182. Ikakufookerani kutali, simudikira mwezi kuti abwere munthu woidziwa.

Koma musanamizidwe ndi mipando inayi. Zambiri mwa 182 zimanyamula makilogalamu 500 kapena kupitirira pang'ono, mafuta ali momwemo. Matanki aakulu amalowa malita pafupifupi 330, amene ndi makilogalamu 240. Zotsalazo mugawane inu, mayi a kunyumba, ana ndi zikwama. Ndipo tonse tikudziwa mmene timabwererera kuchokera kumudzi: mpunga wa Kilombero, ufa, chambo chouma, mtedza wa agogo umene sungakanidwe. Ikani zonse pa sikelo, kuphatikiza anthu, ngakhale ena akwiye. Ubwino wa 182 ndi woti mutha kuchepetsa mafuta n'kukhalabe ndi maola anayi m'thanki. Mukaona kuti nthawi zonse muzikhala akuluakulu anayi ndi katundu, ndiye kuti mukufuna Cessna 206, ndipo thumba likonzeke.

Tsopano njira zanu. Ya ku Durban ndi yaifupi, koma ili ndi msampha wake pa Harrismith ndi Van Reenen, pamene dziko limatsetsereka kulowa KwaZulu-Natal. Mpweya wachinyezi wochokera kunyanja umadzaunjikana pamenepo, ku Joburg kuli ngwee koma kutsogolo mitambo yagona pansi. Musayese kudulira pamwamba pa Drakensberg yeniyeni cha ku Lesotho. Thabana Ntlenyana ndi mamita 3,482, kapena kuti mafiti oposa 11,400, ndipo mphepo ya kumadzulo ikamaomba m'nyengo yozizira imatsika kuseri kwa phiri mwamphamvu kuposa mmene 182 ingakwerere. Mphepo ikapitirira ma knot 25 pamwamba pa mapiri, ine sindinyamuka. Podutsa mtandadza wa phiri khalani mafiti 2,000 pamwamba pake, ndipo muufikire mopendekera, pa madigiri 45, kuti zikavuta mungokhota pang'ono n'kubwerera ku chigwa.

Ya ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,350, maola oposa asanu osawerengera poima. Mukajambula mzere woongoka pa mapu muona kuti ukudutsa pafupi ndi Mutare, pakati penipeni pa mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe: Chimanimani mbali iyi, Nyangani wa mamita 2,592 mbali iyo. Ine ndimakonda kukhotera ku Harare, kuthira mafuta, ana n'kuongola miyendo. Chileka ili pansi, mafiti 2,500 okha, koma Mulanje ali pafupi ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, ndipo chiperoni chikabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti mapiri onse a kumeneko amabisala. Ogasiti mpaka Okutobala ndi utsi wa moto wa tchire, kutsogolo kumangooneka mbuu. Novembala mpaka Malichi ndi mabingu a masana. Pa zonsezi mankhwala ndi amodzi, kunyamuka mbandakucha n'kukhala mutatera dzuwa lisanafike pamutu.

Mwafunsa za turbo. Imathandizadi, chifukwa injini imasunga mphamvu yake ngakhale muli pamwamba, ndipo Turbo 182 imafika mafiti 20,000. Koma imatentha, imafuna dzanja lodziwa, ndipo ndalama zokonzetsera zimakwera. Mukakwera choncho mufunikanso oxygen. Ku America lamulo limati woyendetsa ayambe kupuma wa m'botolo akakhala pamwamba pa mafiti 12,500 kupitirira mphindi 30. Thupi silidikira lamulo, ena mutu umayamba kulemera pa 10,000. Gulani kachipangizo kopanira chala kaja tinkakaona nthawi ya Covid, kamasonyeza oxygen wa m'magazi, n'kotchipa. Pa maulendo anu awiriwa 182 wamba ikwanira, mukangolemekeza sikelo ndi wotchi. Mukapeza ya turbo yosamalidwa bwino pamtengo wabwino, sindingakuletseni.

Cirrus SR22 ndi ndege yabwino, palibe wotsutsa: 310 horsepower, liwiro, ndi parachuti yotsitsa ndege yonse injini ikazima pamwamba pa matanthwe. Koma parachutiyo imafuna kukonzedwanso zaka 10 zilizonse pamtengo wowawa, ndegeyo imatera mothamanga, ndipo mabwalo afupi a fumbi siiwakonda. Kwa munthu wa maola 150 imathamanga kuposa mutu. Ndege ina ya Mooney imamwa mafuta pang'ono n'kumayenda ngati muvi, koma mkati ndi mothina ndipo propela ili pafupi ndi nthaka.

Imene ingandisinthe maganizo ndi Sling TSi, yopangidwa konkuno ku Tedderfield kumwera kwa Johannesburg. Injini yake ya Rotax 915 iS ili ndi turbo, 141 horsepower, ndipo imamwa petulo wa galimoto. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa avgas, petulo wa ndege, sapezeka pa bwalo lililonse mukangodutsa Limpopo, ndipo pamene alipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Imbani foni musananyamuke, mumve ndi khutu lanu kuti alipo. Chovuta cha Sling n'choti ili m'gulu la ndege zopanda type certificate (chiphaso cha boma chovomereza kapangidwe ka mtundu wa ndege), kotero dziko lililonse limene mukudutsa liyenera kukupatsani chilolezo chapadera, ndipo katundu imanyamula wocheperapo.

Pali chimene ndege iliyonse singakugulireni. Tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024, pamene Dornier 228 inagwa ku Chikangawa ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inali ya injini ziwiri, yamphamvu kuposa zonse ndatchulazi, koma nyengo inali yoipa pamwamba pa Viphya. Ndiye pa ndalama mwasonkhazo patulani ina ya instrument rating (maphunziro ouluka podalira zida za m'ndege kunja kusakuoneka), ndi ina ya maola angapo ndi mphunzitsi wozolowera mapiri. Ndingakonde mugule 182 ya 1978 ya penti yosuluka n'kuphunzira zimenezi, kusiyana n'kuthera zonse pa ndege yonyezimira.

Mukaipeza imene yakusangalatsani, musalole kuti aiyendere ndi makaniko wa mwini wake. Bweretsani wanu. Aone dzimbiri mkati mwa mapiko makamaka ngati inkakhala ku Durban kapena ku Cape Town, aone firewall (chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu) chifukwa 182 ndi yolemera kumphuno ndipo ambiri anaimenyetsapo tayala lakutsogolo potera, awerenge ma logbook onse kuchokera tsamba loyamba. Injini musangoyang'ana maola. Imene yakhala zaka zitatu mu hangar osalira ndiyoopsa kuposa imene imauluka sabata iliyonse. Ndipo inu atatu mulemberane pa pepala za amene adzaitenge pa Khirisimasi, poti nonse mudzafuna kupita kumudzi sabata imodzimodziyo.