Kwa mayi amene mwafunsa za maliro a malume anu

Mayi, pepani ndi zovuta zimene zakugwerani. Mwafunsa kuti, popeza malume anu a ku Mkanda anamwalira ali odulidwa mu mpingo chifukwa cha kachasu, ndipo pa maliro awo sipanamveke nyimbo ya Chikhristu ngakhale imodzi, kodi iwo ndiwo anali ochimwa, ndipo amene anakana kuimbawo ndiwo oyera mtima? Ndikuyankhani monga munthu amene wakhala pa bwalo la akulu a mpingo kuno ku Mchinji kwa zaka zingapo, ndipo dzanja langa lomwe linakwezekapo podula anthu ena.

Mawu akuti oyera mtima, monga Paulo amawagwiritsira ntchito, satanthauza anthu amene sanalakwepo. Pa 1 Akorinto 1:2 iye akutcha Akhristu a ku Korinto oyera mtima, komatu mukawerenga kalata yonseyo mupeza kuti anthu omwewo anali ogawikana, ankasumirana kumakhoti, ena ankaledzera pa Mgonero wa Ambuye, ndipo mmodzi wa iwo ankakhala ndi mkazi wa bambo ake. Paulo sanawanyengerere, anawadzudzula kolimba mpaka kulamula kuti munthu uja achotsedwe pakati pawo, koma dzina lakuti oyera sanawalande, chifukwa kuyera kumene ankanenako ndi kupatulidwa ndi Mulungu kuti munthu akhale wake wa Khristu, osati mphotho ya khalidwe labwino. Mwini wake Paulo, pa 1 Timoteo 1:15, akudzitcha wamkulu wa ochimwa, ndipo pa Aroma 3:23 akuti onse anachimwa. Martin Luther, mphunzitsi wa za Mulungu wa ku Germany wa zaka za m'ma 1500, anafika pomanena kuti Mkhristu amakhala wolungama ndi wochimwa pa nthawi imodzi.

Abale athu a Katolika, amene ndi ambiri kuno kuyambira ku Ludzi mpaka ku Kachebere, amagwiritsanso ntchito mawuwa m'njira ina, ponena za anthu omwalira amene Mpingo wafufuza moyo wawo ndi kulengeza kuti ali kwa Mulungu. Chitsanzo ndi Charles Lwanga ndi Kizito wachichepere uja, amene anatenthedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda pa 3 June 1886, ndipo analengezedwa kukhala oyera mu 1964 pamodzi ndi anzawo, onse pamodzi 22. Koma ngakhale pakati pa anthu amene Akatolika amawatcha oyera pali anthu onga Augustine, bishopu wa ku Hippo, amene anabereka mwana kunja kwa ukwati ndipo anabatizidwa mu 387 ali kale munthu wamkulu, mayi ake Monica atalira ndi kumupempherera zaka zambiri. Dziwaninso kuti Mpingo umenewo umakumbukira oyera onse pa 1 November, kuphatikizapo amene mayina awo sanalembedwe paliponse, ndipo sunalengezepo za munthu aliyense pomutchula dzina kuti ali ku moto.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga umandivuta. Bwalo la akulu a mpingo limaweruza zimene maso aona ndi zimene mboni zabwera nazo. Mtsikana akatenga mimba asanakwatiwe, mlandu wake suchedwa, chifukwa mimba siibisika. Munthu wa kachasu nayenso amadziwika ndi mudzi wonse, poti amabwerera kunyumba akudzandira ndi kuimba usiku. Koma ndinaonapo ndi maso anga bambo wina wogula mtedza ndi soya kwa alimi, amene sikelo yake inkadya makilogalamu awiri kapena atatu pa thumba lililonse, akukhala pa benchi yakutsogolo Lamulungu lililonse atavala jekete yake yosita bwino, chopereka chake chikuwerengedwa mokweza anthu nkumaomba m'manja. Pa Miyambo 11:1 akunena poyera kuti muyeso wonyenga umanyansa Mulungu, koma palibe anabweretsa mlandu wake kubwalo, ndipo inenso, ndivomere, ndinangokhala duu. Atamwalira, kwaya zinachezera usiku wonse. Kodi nyimbo zimenezo zinamuyeretsa?

Sindikunena kuti kudula munthu ndi kulakwa, kapena kuti uchidakwa ndi nkhani yaing'ono. Inu nomwe mukudziwa zimene azakhali anu ndi ana awo anapirira pamene ndalama za fodya zinkathera kumowa. Chilango cha mpingo chili ndi malo ake, ndipo cholinga chake ndi kubweza munthu, monga m'busa amakusira ng'ombe yolowa m'munda wa eni. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti kaundula amene amasunga mlembi wa mpingo ndiye buku la moyo.

Yesu mwini anasiyanitsa anthu m'njira ina. Pa Luka 18 Mfarisi anawerenga zabwino zake zonse, kusala kudya kawiri pa sabata ndi kupereka chakhumi, ndipo sananame, pamene wamsonkho anaima patali, osafuna ngakhale kukweza maso, nkudziguguda pachifuwa kupempha chifundo. Amene anapita kwawo atayesedwa wolungama ndi wamsonkhoyo. Onse awiri anali ochimwa, koma mmodzi yekha ndiye anadziwa ndi kuvomera. Chimodzimodzinso wachifwamba wopachikidwa pambali pa Yesu pa Luka 23, amene sanapeze mpata wokalowa kalasi kapena wobwezedwa pamaso pa mpingo, koma analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo.

Zimene malume anu analankhula ndi Mulungu m'masabata amene anagona pamphasa akudwala, akulu a mpingo sanazimve, ngakhale inuyo mwina simunazimve zonse. N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti ali kumwamba, ndiponso amene akukuuzani kuti anatayika akulankhula zopitirira udindo wawo. Ngati kusowa kwa nyimbo kuja kukukupwetekanibe, pitani kwa abusa anu mukawafotokozere momasuka, ndipo muwapemphe kuti adzabwere kudzapemphera ndi banja lonse kunyumba kwa azakhali anu. Lamulo lokhudza mwambo wa maliro a munthu wodulidwa sililetsa kutonthoza ofedwa amene atsala.