Loko wa tebulo lonse sangakuchiritsireni trigger

Mmodzi wa inu wandilembera kuti pa database yake ya MySQL ali ndi trigger (malamulo amene database imayendetsa yokha mzere ukalowa kapena ukasintha m'tebulo) yomwe imawonjezera chiwerengero m'tebulo lina nthawi iliyonse malonda akalowa, ndipo ma deadlock (ntchito ziwiri zikamadikirana mpaka zonse kuima) amusowetsa tulo. Akufunsa ngati angotseka tebulo lonse ndi LOCK TABLES.

Funso limeneli landifika pamtima. Ndinagwirapo ntchito pa sisitimu ina yomwe anthu amene anaipanga anasiya ma trigger paliponse, osalemba chilichonse chofotokoza. Ukalowetsa mzere umodzi, kuseri matebulo ena akugwedezeka iwe osadziwa. Ogwiritsa ntchito akachuluka, zonse zinkangoti zii. Pakatha masekondi 50, omwe InnoDB, gawo la MySQL losunga matebulo, imadikira ngati simunasinthe, uthenga wa Lock wait timeout exceeded unkatuluka. Abwana ankati seva yatopa, tigule ina. Koma vuto linali kamzere kamodzi kosunga chiwerengero chonse. Transaction iliyonse (gulu la malamulo amene amatheka onse pamodzi kapena kulephera onse) inkafuna kamzere komweko, ngati anthu ambiri olimbirana khomo limodzi lopapatiza.

Trigger siyenda payokha. Imagwira ntchito mkati mwa transaction yomwe yaidzutsa, ndiye loko aliyense amene yagwira samasuka mpaka COMMIT (kutsimikiza zolembedwazo) kapena ROLLBACK (kuzibweza). Transaction ziwiri zikagwira mizere motsatana mosiyana, iyi kudikira iyo, iyo kudikira iyi, deadlock yabadwa. Ine ndinafika poti trigger yolemba m'tebulo lina sindiikhulupirira, ngakhale aikongoletse bwanji.

Za BEFORE ndi AFTER, mitundu iwiri ya trigger, nazo anthu amangosankha mwachisawawa. BEFORE ndi yokonzera zomwe zili mu NEW (zatsopano zomwe zikulowa) mzere usanalembedwe. Mu AFTER mzere walembedwa kale, NEW simungaisinthenso. Mukayesa UPDATE pa tebulo lomwe pali trigger-yo, MySQL imakana ndi error 1442. Database ya Oracle nayo imakalipa ndi ORA-04091, ija ya mutating table (tebulo lomwe lili m'kati mosinthidwa), ndipo mu Oracle 11g anabweretsa compound trigger, yophatikiza BEFORE ndi AFTER mu trigger imodzi, kuti anthu apumeko. SQL Server ilibe BEFORE n'komwe, ili ndi AFTER ndi INSTEAD OF (yogwira ntchito m'malo mwa lamulo lomwe laidzutsa). PostgreSQL yokha pa izi ndimaisirira: constraint trigger mutha kuiuza kuti idikire mpaka COMMIT, ndiye loko wa kamzere kaja amagwiridwa kanthawi kochepa.

Nanga LOCK TABLES?

Ayi ndithu. M'kati mwa trigger saloledwa. Mukamuika kunja, amachita COMMIT mwakachetechete transaction yomwe inali yotsegula, komanso amatseka matebulo onse amene trigger yanu imakhudza. Deadlock ingachepe, koma aliyense adzaima pamzere.

Chotsani chiwerengerocho mu trigger, muziwerengera ndi SUM, lamulo lophatikiza manambala, mukachifuna. Ngati sizingatheke, gwirani mizere motsatana mofanana paliponse ndi SELECT ... FOR UPDATE (lamulo loika loko pa mizere yomwe mwawerenga), fupikitsani transaction, ndipo pulogalamu yanu izibwereza yokha transaction ikalandira error 1213, ya deadlock.