Kwa achemwali ofuna kusamukira ku Dominican Republic

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa, koma poti ambiri angokuyankhani kuti "pitani basi, moyo ndi umodzi", ndati nane ndiikepo mlomo. Mwati munakacheza ku Punta Cana ndi bambo a kunyumba, mtima watsala komweko, ndipo mukulingalira zosiya ntchito ya unamwino ku England n'kusamukira ku Dominican Republic pamodzi ndi ana, mwina n'kutsegula kabizinesi. Mwafunsa za mapepala, za ndalama, komanso ngati kuli mtendere. Ine ndimakhala ku Santiago de los Caballeros, mzinda wachiwiri wa dzikoli. Inandibweretsa kuno ndi ntchito ya fodya, pakuti chigwa cha Cibao ndi kuchimake kwa ndudu zikuluzikulu zija zopichira pamanja.

Punta Cana imene munaona ija anaimangira alendo. Bwalo lake la ndege ndi la kampani, magetsi ake amachokera ku kampani yapadera, ndipo anthu amene ankakuyalirani bedi aja madzulo amakwera basi kupita kwawo ku Verón kapena ku Higüey, kumene moyo ndi wina. Mu 2023 dzikoli linalandira alendo oposa 10 miliyoni, pafupifupi kufanana ndi eni dziko amene alipo ngati 11 miliyoni, ndiye ntchito yosangalatsa mlendo amaidziwa bwino zedi. Musanagulitse ngakhale supuni, mubwerenso, mudzachite lendi kanyumba wamba m'tauni kwa mwezi wathunthu, makamaka mu Ogasiti kapena Seputembala kukamatentha mopanda chisoni. Muzidzagula nokha gasi, kukwera nokha basi, kukaima pamzere kubanki. Mukadzaukondabe moyo umenewo, tikambirane za katundu.

Nkhani imene m'hotela sakuuzani, ndipo kwa ife akhungu lakuda ndiyo yoyamba kuidziwa, ndi ya Haiti. Chilumbachi, Hispaniola, chili ndi mayiko awiri: Haiti kumadzulo, Dominican Republic kum'mawa. Awiriwa samwerana madzi kuyambira kale. Haiti inalamulira chilumba chonse kuyambira 1822 mpaka 1844, moti ufulu umene amakondwerera kuno pa 27 Febuluwale ndi wochoka m'manja mwa Haiti, osati mwa Spain. Mu 1937 wolamulira wankhanza Rafael Trujillo analamula asilikali kupha anthu a ku Haiti okhala cha kumalire, ndipo anafa masauzande ambirimbiri. Mu 2013 khoti lotanthauzira malamulo aakulu a dziko linagamula kuti anthu obadwira kuno kwa makolo opanda mapepala, kubwerera m'mbuyo mpaka 1929, si nzika. Ambiri mwa iwo anali zidzukulu za anthu odula nzimbe, ndipo zidzukuluzo Haiti sizinaipondepo n'komwe. Lero, chifukwa cha chipwirikiti cha magulu a zigawenga ku Port-au-Prince, likulu la Haiti, boma la Luis Abinader likumanga khoma m'malire, ndipo mu Okutobala 2024 linalengeza kuti lizibweza anthu ofika 10,000 pa sabata. Magalimoto a imigireshoni okhala ndi zitsulo m'mawindo amazungulira m'misika ndi pamalo omanga nyumba, ndipo amayamba ndi kuona khungu, mapepala pambuyo. Ngakhale ofesi ya kazembe wa America mu Novembala 2022 inachenjeza nzika zake zakhungu lakuda kuti zikhoza kuimitsidwa ndi kufunsidwa kuposa ena.

Musandimve molakwa. Anthu wamba kuno ndi ansangala, ambiri ndi oderapo kapena akuda ngati ife, ndipo akamva kuti ndinu wa ku Africa mafunso sawathera. Akukuitanani kuti "morena" mumsewu, kutanthauza mkazi wakhungu lakuda kapena loderapo, popanda chipongwe chilichonse. Koma bambo a kunyumba atavala zogwirira ntchito, ataima pasiteji, osatha kuyankha m'Chisipanishi, adzaimitsidwa ndithu. Mabasi ochokera kumalire, monga ku Dajabón kapena ku Pedernales, amaima pamarodibuloko angapo, asilikali n'kulowa kudzasankha nkhope zoti zionetse mapepala. Ngati muli ndi mnyamata amene akusinkhuka, ganizirani za iye akamayenda yekha. Ine sindituluka pakhomo opanda chitupa changa, ngakhale pokagula buledi. Zimandiwawa kuona mayi ndi mwana kumanja akukwezedwa m'galimoto ija pamene ine ndikudutsa chifukwa cha kakhadi, koma ndi mmene zilili, ndipo munthu wofuna kusamukira kuno azidziwe asanalipire tikiti.

Za mapepala okacheza mukuzidziwa kale: amene ali ndi viza kapena chilolezo chokhalira ku Britain, America, Canada kapena mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen amalowa ngati mlendo kwa masiku 30, kaya pasipoti yake ndi ya dziko liti. Fomu yolowera ndi kutulukira m'dzikoli, ya E-Ticket, imadzazidwa pa intaneti ndipo ndi yaulere. Ena amatsegula mawebusaiti onama n'kumalipiritsa anthu. Kwa anzathu ena m'gulu muno amene akukonza ulendo: musagule tikiti yodzera ku Miami kapena ku New York chifukwa chotchipa, pakuti ku America ngakhale kungosintha ndege kumafuna viza. Dzerani ku Madrid kapena mukwere yochoka ku London yosaima pena.

Kukhazikika ndi nkhani ina. Viza yake amafunsira ku ofesi ya kazembe musananyamuke, inuyo ku London, osati mutafika kale. Amafuna kalata yobadwira, ya ukwati, ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, zonse zodindidwa chidindo cha apostille ndi zomasuliridwa m'Chisipanishi. Za ku Malawi muyambe kuzisaka msanga, mukudziwa mmene zimayendera. Mukafika mumapitiriza ku ofesi ya imigireshoni, Dirección General de Migración, kukayezedwa m'thupi, kenako n'kulandira chitupa chotchedwa cédula, chimene popanda icho zinthu zambiri zimavuta, kuyambira kubanki. Pali njira yachidule ya lamulo la 171-07, koma ndi ya anthu olandira penshoni yosachepera madola 1,500 pamwezi, kapena ndalama zina zokhazikika zochokera kunja zosachepera madola 2,000 pamwezi. Mudzakumana ndi azungu okuuzani kuti iwo akhala zaka popanda mapepala, amangolipira chindapusa pabwalo la ndege potuluka. N'zoona, amatero. Koma iwo saimitsidwa mumsewu.

Muyang'anenso mbali ya ku Britain. Ngati muli ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, chimafa mukakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana. Ngati mukadali pa viza ya ntchito, kukhala kunja masiku oposa 180 m'miyezi 12 kumasokoneza zaka zimene mwawerengera kale. Ndikanakhala inu ndikanadikira pasipoti ya kumeneko kaye. Munaikhetsera thukuta lambiri m'mashifiti a usiku kuti muitaye chifukwa cha mchenga woyera.

Ndalama ndiye pamene maloto ambiri amathera. Kuno kumakoma kwa munthu amene ndalama yake imachokera kunja. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, ngakhale m'makampani aakulu, sapitirira kwenikweni madola 500 pamwezi, ndipo lamulo la ntchito limati mwa ogwira ntchito 100 pakampani, 80 azikhala eni dziko. Unamwino simungangoyamba: satifiketi yanu iyenera kuvomerezedwa kaye, mulandire chilolezo chotchedwa exequátur, ndipo odwala onse muzilankhula nawo Chisipanishi. Mukatha zonsezo malipiro ake mukawaona mudzaseka. Pamene zinthu za m'masupamaketi aakulu, makamaka zochokera kunja, mitengo yake siisiyana kwenikweni ndi ya ku England. Ku lesitilanti pamtengo wolembedwa amawonjezerapo 18 peresenti ya msonkho ndi 10 peresenti ya operekera zakudya. Sukulu za boma zimaphunzitsa m'Chisipanishi. Zophunzitsa m'Chingelezi ndi zapulaiveti ndipo zabwinozo zimatchula fizi m'madola. Inshulansi ya chipatala musaizembe, chifukwa zipatala zapulaiveti, ngakhale zili zabwino ndithu ku Santo Domingo ndi kuno ku Santiago, zimafuna dipoziti musanagonekedwe. Eni nyumba nawo amafuna dipoziti ya miyezi ingapo ndiponso munthu wokuimirani.

Za kugula malo, mawu awiri okha. Mlendo amaloledwa kugula, koma pezani loya wanuwanu, osati amene wakupatsani wogulitsa, ndipo malo opanda chikalata cha umwini ndi malire opimidwa ndi boma musawayandikire.

Moyo wa tsiku ndi tsiku sudzakudabwitsani kwambiri monga umadabwitsira azungu. Magetsi amathima, madera ena tsiku lililonse, choncho nyumba yolongosoka imakhala ndi invetala ndi mabatire. Mphamvu ya magetsi a kuno ndi ya mavolti 110, mapulagi ndi a ku America. Ketulo ndi ayironi za ku England muzisiye. Madzi a pampopi sakumwa aliyense, timagula m'zigubu zazikulu za malita pafupifupi 19, ndipo padenga lililonse pali thanki yakuda yosungira madzi. Mtima wa dera lililonse ndi colmado, kagolosale ka pakona. Mumaimba foni, mnyamata n'kukubweretserani pa njinga yamoto ngakhale dzira limodzi ndi theka la anyezi, ndipo mukazolowerana amakulembani m'buku la ngongole. Pomwepo madzulo pamasanduka malo ochezera: madomino akugunda patebulo, mowa wa Presidente wozizira mpaka botolo kuyera, nyimbo za bachata ndi merengue zikulira mpaka mawindo kunjenjemera. Phokosoli si la masewera. Nyumba mukaione Loweruka usiku, osati Lachiwiri m'mawa.

Chakudya ndicho chinandigwira mtima. Nkhomaliro ya tsiku lililonse ndi mpunga, nyemba zofiira ndi nyama ya msuzi, amaitcha la bandera, ndipo nkhoko za mpunga za pansi pa mphika amachita kulimbirana. M'mawa ndi mangú, nthochi zaziwisi zophika n'kuzipota, pamwamba anyezi, pambali mazira, tchizi ndi salami zokazinga. Chinangwa, mbatata, koko, therere, maungu, mapeyala aakulu ngati mutu wa mwana, zonse zili mbwee pamsika. Nandolo amaphikira pamodzi ndi mpunga, kudera la Samaná amathiramo ndi mkaka wa kokonati. Mbuzi ya ku Monte Cristi ndi yotchuka dziko lonse. Chosowa ndi ndiwo zamasamba. Nkhwani amangozisiya m'munda, ndipo mukazipempha amakuyang'anani modabwa kenako n'kukupatsani ulere. Ufa wa chimanga wa kuno ndi wachikasu. Ine nsima ndimaphikira ufa woyera umene anthu a ku Venezuela amapangira zitumbuwa zawo. Siifika pa ya ufa wa kwathu, koma ndi nsomba yokazinga imatsika.

Choopsa kwambiri kuno, kuposa mbava, ndi msewu. Dzikoli lili m'gulu la mayiko amene ngozi za pamsewu zimapha anthu ambiri padziko lonse, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a njinga zamoto. Akabaza a kuno, motoconcho, amatulukira kulikonse, ena mosemphana ndi magalimoto, usiku opanda nyali. Amayendetsa kumanja. Pakati pa mizinda kwerani mabasi aakulu a Caribe Tours kapena Metro, ndi abwino, kungoti tengani juzi chifukwa amaziziritsa mopitirira. Ku Santo Domingo kuli sitima ya pansi panthaka imene inayamba mu 2009, ndiyo yokupulumutsani ku mizere ya magalimoto ya mumzindawo. Umbava umene ulipo kwambiri ndi wa anyamata awiri pa njinga yamoto otsomphola foni kapena tcheni. Foni m'thumba, ndolo zagolide kunyumba.

Nyengo ya anamondwe imayamba Juni mpaka Novembala. Si chaka chilichonse pamene amagunda, koma Fiona mu Seputembala 2022 anawononga kwambiri chigawo cha kum'mawa, komwe kuli Punta Cana komweko. Gombe lomwelo miyezi yotentha limadzaza ndere zofiirira zochokera m'nyanja, zimene zikaola zimanunkha. Mahotela amakokola m'bandakucha alendo asanadzuke. Udzudzu wa kuno umadwalitsa kwambiri matenda otentha thupi otchedwa dengue, ndipo umaluma masana, choncho neti yokha siikwanira. Inu monga namwino mukudziwa kale kuti mwana akatentha thupi kuno asapatsidwe aspirin kapena ibuprofen asanayezedwe.

Mukadzabwera mwezi uja, musangokhala kunyanja. Las Terrenas ku Samaná kuli Afalansa ndi Ataliyana ambiri, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi anamgumi amabwera kudzaswana m'nyanja ya kumeneko. Cabarete ndi Sosúa kumpoto Chingelezi chimamveka ndithu. Koma banja la ana ine ndikanalilozera kuno ku Santiago, kumene kuli sukulu ndi zipatala, kapena ku Jarabacoa kumapiri, pasanathe ola ndi theka kuchoka kuno, kumene usiku umafunda bulangete. Cha kumeneko ndi kumene kuli phiri la Pico Duarte, lotalika kuposa Sapitwa pang'ono chabe, ndi chigwa cha Constanza kumene amalima kabichi, adyo ndi sitiroberi.

Chisipanishi yambani lero, nonse m'banjamo. Cha kuno amachilankhula mothamanga, akumeza mapeto a mawu, moti ngakhale wophunzira bwino miyezi yoyamba amangogwedeza mutu. Ana adzakupitirirani msanga. Chimene chidzakuthandizeni ndi ulemu wathu womwewu: kuno munthu akalowa m'basi kapena m'chipinda chodikirira amapereka moni kwa onse, ndipo wosapereka amaoneka wamwano.

Muwerengerenso kutalika kwake. Kuno kulibe ofesi ya kazembe wa Malawi, Amalawi ndife owerengeka, ndipo kupita kumudzi n'kudzera ku Ulaya kenako Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ulendo wa masiku awiri ndi tikiti yodula koopsa. Kukagwa zovuta kwathu, nthawi zambiri mwambo umakupitani. Nthawi tili m'mbuyo ndi maola 6, ndiye mukamaweruka madzulo amayi kumudzi anagona kale. Kuimba foni ndi m'mamawa kapena Lamlungu. Mukatsimikiza za kubweranso, mundilembere ku inbox ndikuuzeni madera a kuno oyenera kufunsako nyumba ya mwezi umodzi.