Galimoto yamagetsi ya lease pa £199 pamwezi: kodi ndi yotsikadi mtengo kukazizira?

Funso: Ndimakhala ku Leeds, mzinda wa ku England, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, choncho ndimakhala pamsewu kuyambira mbandakucha, ndipo pachaka ndimayenda mamailosi pafupifupi 12,000. Ndaona malonda a galimoto yamagetsi yatsopano ya lease, kutanthauza yobwereka kwa nthawi yaitali n'kudzaibweza, pa £199 pamwezi. Akuti mgwirizano ndi wa zaka zitatu, poyamba ndilipire ndalama ya miyezi 9, ndipo ndiziyenda mamailosi 5,000 pachaka. Anzanga akundiopseza kuti kukazizira batire imatha msanga, ena akuti bola ya plug-in hybrid, yokhala ndi injini ya petulo komanso batire yotchaja. Ndimachita lendi m'nyumba yosanja ndipo galimoto imagona mumsewu. Kodi nditenge? Mayi wa ku Leeds.

Yankho: Mayi, anzanuwo sakunama za batire, koma pa zonse zimene mwalemba, kuzizira si kumene kungakupwetekeni kwambiri m'thumba. Mawu awiri amene andidetsa nkhawa ndi mamailosi 5,000 aja ndi galimoto yogona mumsewu.

Kutsika mtengo kwa malonda amenewa kuli ndi chifukwa chake chenicheni, ndipo si chinyengo ayi. Boma la Britain linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani opanga galimoto kuti gawo lina la galimoto zatsopano zimene amagulitsa likhale losatulutsa utsi: 22 pa 100 zilizonse mu 2024, 28 pa 100 mu 2025, ndipo chiwerengerochi chikuyenera kufika pa 80 pofika 2030. Kampani yolephera kukwaniritsa imayang'anizana ndi chindapusa, motero ambiri amalolera kudula mtengo kuti galimotozo zichoke m'manja mwawo, ndipo njira ya lease ndi imene amadulirako kwambiri chifukwa mtengo wolembedwa pagalimoto susintha pamaso pa anthu. Mu July 2025 boma linawonjezeranso thandizo lofika £3,750 pa galimoto zina zamagetsi zosapitirira £37,000. Palinso ubwino wina umene ndimaukonda: galimoto zamagetsi zakhala zikugwa mtengo mofulumira zikagwiritsidwa ntchito, ndipo pa lease kugwa kumeneko ndi mutu wa eni galimoto, osati wanu.

Tsopano tiwerengere limodzi. Miyezi 9 yoyambirira ndi £1,791, ndipo kenako mulipira £199 kwa miyezi 35, zomwe zikukwana £6,965. Zonse pamodzi ndi £8,756, kutanthauza kuti pamwezi mukulipira pafupifupi £243, tisanaikepo inshulansi ndi kandalama kamene amkhalapakati ambiri amalipiritsa pokonza mapepala. Mamailosi anu akupitirira muyeso ndi 7,000 chaka chilichonse, ndiye kuti 21,000 pa zaka zitatu. Tiyerekeze kuti mgwirizano wanu ukunena kuti mailosi iliyonse yopitirira ndi 10p (100p ndi £1): tsiku lobweza galimoto mudzapeza bilu ya £2,100 ikukudikirani. Apempheni akuuzeni mtengo wa pamwezi pa mamailosi 12,000, chifukwa kawirikawiri kugula mamailosi pasadakhale kumatsikirako kusiyana ndi kulipira chilango pamapeto, ndipo mtengo umenewo ndi umene muyenera kuyerekeza ndi zimene galimoto yanu yakale imadya.

Nkhani yotchaja ndi yaikulu kuposa pamenepo. Munthu amene ali ndi malo oimikapo galimoto pakhomo pake akhoza kuika tchaja n'kulowa mumgwirizano wa magetsi otsika mtengo a usiku, amene kwa makampani ena amakhala pafupifupi 7p pa kWh, womwe ndi muyezo wa magetsi ogwiritsidwa ntchito. Matchaja othamanga a m'misewu ndi m'malo ogulitsira mafuta nthawi zambiri amapitirira 70p pa kWh, ndipo ngakhale msonkho wa VAT umasiyana, pakuti magetsi a m'nyumba amalipira 5 pa 100 pomwe a pagulu amalipira 20. Galimoto yaing'ono yoyenda mamailosi atatu ndi theka pa kWh imodzi ingafune ma kWh pafupifupi 3,400 pachaka pa maulendo anu. Pa 7p ndi ndalama yosakwana £250. Pa 75p ndi yopitirira £2,500, imene ikhoza kuposa ya petulo. Galimoto ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, koma wina amalipira kuchulukitsa kakhumi chifukwa chakuti alibe pulagi pakhomo. Musanasaine, fufuzani ngati mumsewu wanu muli matchaja oyenda pang'onopang'ono a khonsolo, omwe amatsikako mtengo, kapena ngati kuntchito kwanu amalola kutchaja.

Za kuzizira, mtunda umene amalemba pamalonda umayezedwa ndi njira yovomerezeka yoyesera galimoto yotchedwa WLTP, m'malo ofunda madigiri 23, nyengo imene ku Leeds simudzaiona mu January. Batire ikazizira imatulutsa mphamvu monyinyirika ndipo imachedwa kulandira magetsi, koma chimene chimadya kwambiri ndi hita. Galimoto ya petulo imakufunditsani ndi kutentha kumene injini imataya kale, pomwe yamagetsi iyenera kutenga kutenthako ku batire yomwe ikuyendetsa matayala. Bungwe la AAA la ku America linayesa galimoto zisanu mu 2019 pa madigiri pafupifupi 7 pansi pa ziro, ndipo linapeza kuti mtunda unatsika ndi 12 pa 100 hita ili yozimitsa, koma ndi 41 pa 100 hita itayatsidwa. Ku Yorkshire, chigawo chimene kuli Leeds, sikuzizira chotero masiku ambiri ndipo galimoto za lero zinawongoleredwa, komabe ntchito yanu ndi yoipitsitsa pa nkhaniyi: mumayenda mphindi khumi, mumaima pakhomo pa wodwala kwa theka la ola, galimoto n'kuzizira, hita n'kuyambiranso. Poganiza za nyengo yozizira, chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu pa mtunda wolembedwa, muone ngati zotsalazo zikukwanira tsiku lanu lalitali kwambiri.

Zipangizo zothandiza pozizira si zofanana kufunika kwake, ndipo malonda otsika mtengo kawirikawiri amakhala a galimoto ya mtundu wapansi imene zina mwa izo anachotsamo. Ine ndimaika patsogolo mipando ndi chiwongolero zotenthetsa, chifukwa zimafunditsa thupi mwachindunji ndi magetsi ochepa zedi, pamene hita wamba imatha kukoka ma kilowati angapo kuti itenthetse mpweya wa m'galimoto yonse. Chachiwiri ndi heat pump, imene imagwira ntchito ngati filiji yotembenuzidwa: imakoka kutentha kunja n'kukulowetsa mkati, motero imafuna magetsi ochepa kuposa hita wamba, makamaka pa kuzizira kwapakatikati kwa ku Britain. Pa galimoto zina imabwera kale, pa zina amalipiritsa padera, ndipo simungaiwonjezere galimoto itatuluka kufakitale, choncho onani pa pepala la galimoto yeniyeniyo, osati kukhulupirira chithunzi cha pamalonda. Chachitatu ndi kuthekera kotenthetsa batire musanafike pa tchaja yothamanga. Kwa inu amene mudzadalira matchaja a pagulu, chimenechi chimasiyanitsa kuima theka la ola ndi kuima pafupifupi ola lathunthu. Kutenthetsa galimoto ndi foni musanatuluke m'nyumba n'kosangalatsa ndipo kumasungunula chisanu pagalasi, koma kumapulumutsa batire pokhapokha galimoto ikakhala yolumikizidwa ku tchaja. Kuti kuzizira pakokha si chifukwa chokanira galimotozi, umboni ndi Norway, kumene pafupifupi galimoto 89 mwa 100 zatsopano zimene zinagulidwa mu 2024 zinali zamagetsi okhaokha.

Plug-in hybrid sindikukulimbikitsani. Phindu lake limabwera mukamaitchaja usiku uliwonse kuti maulendo afupiafupi aziyenda ndi batire yake yaing'ono; mukapanda kutero mumangoyendetsa galimoto ya petulo imene yasenza katundu wolemera wa batire. Komanso zambiri zimadzutsa injini kukazizira kuti zipeze kutentha. Popanda pulagi pakhomo, hybrid wamba yosafuna kutchaja, yogula yogwiritsidwapo kale ntchito, ingakuyenereni bwino kuposa zonse ziwirizi.

Pali zinanso ziwiri zimene ife a kwathu timakonda kuziiwala. Galimoto ya lease si yanu, ndipo simudzatha kuitumiza ku Malawi mgwirizano ukatha monga ena amachitira ndi galimoto zawo zakale. Ndiponso ngati chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chimadalira abwana amodzi, kumbukirani kuti kuthetsa lease nthawi isanakwane kumalipiritsa kwambiri, nthawi zambiri pafupifupi theka la ndalama za miyezi yotsala. Musasaine mgwirizano wotalika kuposa chilolezo chanu. Uzaninso a inshulansi kuti galimoto mumayendera ntchito m'makomo osiyanasiyana, chifukwa inshulansi yongopitira kuntchito malo amodzi sikukutetezani.

Funso: Ndine namwino m'chipatala cha boma ku Scotland, ndili ndi malo oimikapo galimoto pakhomo, ndipo kuntchito akutipatsa galimoto zamagetsi za lease zimene timalipira pochotsedwa ndalama kumalipiro. Ndikufunanso kuti madzulo ndizinyamulira anthu chakudya. Zingatheke? Bambo wa ku Aberdeen.

Yankho: Bambo, inu muli pabwino kuposa mayi a ku Leeds. Pa ndondomeko imeneyi ndalama imadulidwa msonkho usanachotsedwe, ndipo msonkho wa galimoto yakuntchito yamagetsi ndi wochepa: umawerengeredwa pa gawo laling'ono la mtengo wa galimotoyo, 3 pa 100 m'chaka cha msonkho cha 2025/26, 4 m'chaka chotsatira, kenako 5. Kawirikawiri inshulansi, matayala ndi kukonza zimakhala momwemo. Koma popeza malipiro anu olembedwa amatsika, funsani ku ofesi ya malipiro kuti akulembereni mmene zikhudzire penshoni yanu, ndipo ngati muli pa viza ya ntchito, akutsimikizireni kuti malipiro otsalawo akugwirizana ndi zofunika za vizayo. Ku Aberdeen sankhani yokhala ndi heat pump, ndipo muziitenthetsa ili pa tchaja musananyamuke.

Bizinesi yonyamula chakudya ndiyo singatheke pa galimoto imeneyi pokhapokha eni ake atavomera polemba. Migwirizano yambiri ya lease ndi inshulansi yake imaletsa kunyamula anthu kapena katundu molipiritsa, ndipo mukachita ngozi muli ndi thumba la chakudya cha kasitomala pampando, a inshulansi akhoza kukana kulipira, inu n'kutsala ndi ngongole ya galimoto yatsopano. Ngati bizinesiyo mwaitsimikizira, isungireni galimoto yanu yakale, muigulire inshulansi yonyamulira katundu, ndipo muwerengere mtengo wa inshulansiyo musanalandire oda yoyamba.