Za mapila ndi makatoni pansi pa bimu, yankho kwa achimwene omanga ku Winnipeg

Achimwene funso lanu ndaliona usiku nditaweruka, loti kontrakita akufuna kuboola mapila a konkireti ozama mamita 7 komanso kuyala makatoni pansi pa bimu (mtanda wa konkireti wogona pamwamba pa mapila, womwe umanyamula zipupa), nde inu mukuona ngati akungofuna kukudyerani poti nyumba yake ndi yaing'ono. Ine konkireti ndi ntchito yanga kuno ku Manitoba, ndikupempheni ndithu, ngati ndalama yachepa dulani pa matailosi kaya pa makabati, koma apapa musakhudzepo.

Kwathu tinazolowera kuti faundeshoni ndi yoletsa nyumba kutitimira basi. Kuno nthaka imakankha kuchokera pansi. Madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti, koma choopsa chenicheni nchoti chisanu chikamalowa m'dothi, pamalo poundanapo pamayamwa madzi ena ochokera pansi nkupanga timapale ta ayisi tosanjikizana, ndipo timeneti tikamanenepa timanyamula chilichonse chili pamwamba pake. Winnipeg yakhala pa dongo lotsalira pansi pa nyanja yakale ya Agassiz, dongo losunga madzi, ndipo chisanu chimalowa pafupifupi mamita 2 makamaka pomwe mumachotsa sinoo. Amene munalipo 2014 mukukumbuka mmene mapaipi a madzi anaundanira pansi pa nthaka mpaka makomo ambiri mipopi kuuma.

Nde pila sangoimika nyumba ayi. Dothi loundana limakakamira m'mbali mwake nkumamuzulira m'mwamba ngati mmene timazulira chinangwa, chomugwira ndi gawo lija lapansi komwe chisanu sichifika. Zitsulo nazo zitsike kupitirira pamenepo, apo ayi pila amaduka pakati. Muonetsetsenso kumutu kwa pila aliyense, konkireti isayanzike nkupanga chipewa ngati bowa, chifukwa chipewa chimenecho ndi pomwe nthaka imagwirira ikamanyamula.

Makatoni aja timawatcha void form, nthawi zambiri amakhala masentimita 15. Bimu ikuyenera kutsamira pa mapila okha, isagunde pansi. Makatoniwo amanyamula konkireti ikadali yaiwisi, kenako amanyowa nkuwola okha kusiya mpata, nthaka ikafufuma imangolowa mumpatamo. Amene mumachokera ku Chikwawa kapena Nsanje mukudziwa mmene makande amang'ambira zipupa, dongo la kunoli nalo limafufuma likanyowa, nde mpata umenewo ukukutetezani ku zinthu ziwiri.

Pa sayiti ina yomwe ndinagwirako mvula inagwa usiku, kutacha tinapeza makatoni a pansi pa bimu ya khonde afota, ukaponda phazi limangolowa. Abwana anati tithire choncho poti galimoto ya konkireti inali itafika kale pageti. Chisanu chitangodutsa kamodzi tinaitanidwanso, khonde litakwera mbali imodzi, chitseko chikukhula pansi, mng'alu pakona ya windo woti chala chimalowa, mayi wa panyumbapo atatsekamo kansanza kuti mphepo isalowe. Zinandiwawa kwambiri chifukwa anthu aja anali atangotenga ngongole.

China, funsani za fomu (foam) yolimba ija yotchinga kuzizira, ya buluu kapena ya pinki, amaimata kunja kwa bimu ndipo ina amaiyala chogona m'nthaka kuzungulira nyumba kuti chisanu chisalowe msanga. Madzi a padenga muwatayire kutali, dothi litsetserekere kunja. Ndipo ngati nyumbayo mudzidzaisiya yosatenthetsa nthawi yozizira muwauze a injiniya panopa, chifukwa pamenepo chisanu chimalowera ndi mkati momwe ndipo pulani imasintha.

Tsiku lothira konkireti mupemphe tchuthi kuntchito mukhalepo nokha, pulani yodindidwa ndi injiniya ili m'manja, ndipo makatoniwo muwagwire. Akakhala onyowa asinthe kaye, galimoto idikire.